Chisa cha Njuchi

Ndine ndinaidula.
Chaka chatha, nyengo ya fumbi, kuseri kwa depoti ya Dedza,
Fanuwelo atangofika nayo kuchokera ku Joni,
yofiira psuu ngati tomato wa pa Lizulu,
yaifupi, mimba ikukwecha mwala uliwonse wa njira ya ku Bembeke.
Anati, "Amisiri, galimotoyi ikunong'ona ngati mkamwini.
Ndikufuna ndikamailiza pa boma pano
a ku Linthipe azidziwa kuti ndanyamuka."

Ndinalowa kunsi ndi sowo.
Ndinang'amba kamphika ka pakati pa paipi
n'kugogoda chisa cha njuchi chija chimasefa utsi.
Zibenthu zake anagula mnyamata wa pamalire,
ndalama yake inalipira fizi ya teremu imodzi.
Galimoto inabangula.
Agalu a ku Katsekaminga anauwa mpaka mawu kusasa.

Lolemba wabwera, nkhope ili ndwii, pepala m'manja.
Akuti makina a oyeza anainunkhiza kumchira
n'kuikana.
"Munthu ungamugulire fanta," akutero,
"nanga makina amamwa?"

Masiku atatu a mwezi wa Juni.
Nkhungu yatsika m'phiri, yakhala nafe m'garaja osapereka moni,
sipanala ikuluma zala.
Chisa china ndinachipeza pa chigoba cha galimoto
yomwe inagubuduka kufupi ndi mphambano ya ku Tsangano.
Mwini wake sindinafunse kuti ali kuti.
Ndinawotcherera pomwe ndinadula ndekha,
chipsera pamwamba pa chipsera.
Mapulagi anayi atsopano. Oyilo watsopano.
Sefa ya mpweya Tsilizani anaikuntha pamwala
mpaka fumbi la chaka chonse linamukwirira nsidze,
kenako tinaitaya ndithu n'kugula ina.
Waya wa sensa, uja ndinaupinda n'kuubisa,
ndinaubwezera ngati mbuzi ya eni yobwezedwa usiku.

Makina oyezera ndilibe.
Ndili ndi mpango woyera wa malemu mayi a ana,
umene ankapita nawo ku Mvano.
Ndinaugwira kukamwa kwa paipi, Tsilizani n'kuponda moto.
Ulendo woyamba: bii, chikhatho cha wogulitsa makala.
Wachiwiri: mbuu.
Wachitatu, Lachitatu madzulo,
timadontho ta madzi basi, tofunda, ngati thukuta la khanda.

Ndinamulangiza: "Muithamangitse kaye itenthe.
Pamzere musaizimitse, ngakhale mafuta akupweteka."

Wabwerera dzuwa litapendeka.
Sindinaimve ikufika.
Ndinangoona kufiira pakhomo, ndi kapepala katsopano pagalasi.
Wandipatsa ndalama, wawonjezera ya chipisi cha mnyamata,
kenako watsitsa mawu:
"Mawa muchotsenso.
Tidzabwezera chaka chamawa, nthawi yoyezetsa ikakwana."

Chifuwa chinandiyankhira ndisanatsegule pakamwa.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili chagada
kunsi kwa magalimoto a anthu,
kumeza zomwe injini zalavula.
Ndinatsokomolera mumpango womwe uja.
Ndinayang'ana.
Ndinaupinda kanayi, n'kuulowetsa m'thumba la ovolosi.
Tsilizani, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
anali atatenga kale katoni yake yogonera kunsi.

Ndinati, "Sowo yanga yabuntha."

Fanuwelo anaseka.
Anati ku Ntcheu masowo ndi akuthwa,
ndipo amisiri ake safunsa zambiri.
Mwina n'zoona. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

Anailiza.
Inatuluka pageti mwaulemu, ngati mlendo wochoka pamaliro,
kumchira kopanda kanthu koti maso agwire.
Inakhota cha kumsika, ndipo kumbuyo kwake ndinamva
njinga ya kabaza ikulira tcheni,
mayi wa mbatatesi akuitana kasitomala,
ndi mphepo ikupesa mapaini a m'phiri.

Tsilizani anafunsa ngati anole sowo.
Ndinati aisiye. Akasambe m'manja, kwazizira.